Dengu la Khofi Wosapsa

Linali Lachiwiri, pa 12 Julayi 1983, nthawi ili 7 koloko m'mawa, pamene bwana wanga anavundukula dengu la mphatso n'kulinunkhiza. Anakwinya nkhope.

"Wasasa khofi uyu," anatero.

Ndinali mlangizi wa khofi ku Misuku, ndipo chimenecho chinali chaka changa chachisanu ndi chimodzi pantchito. Tsikulo kunkabwera mlendo wamkulu wa chipani wochokera kuchigawo. Masiku amenewo mlendo wotere sankabwerera chimanjamanja. Dera lililonse linkapereka zimene limalima kapena kuweta, kuti iye akatule kwa mtsogoleri wa dziko. Kwina ankapereka mazira, kwina mbuzi. Ife tinkapereka khofi: thumba la wouma, ndi dengu limodzi la wongothyola kumene, wofiira, loti mlendo aone ndi maso ake.

Amayi anayi anali atadzaza dengulo Loweruka, chifukwa poyamba tinauzidwa kuti mlendo afika Lolemba m'mawa. Sanafike. Khofi akakhala masiku atatu osasendedwa amatentha, amada, n'kuyamba kununkha ngati masese.

Bwana anali munthu wa ku Thyolo, wodekha, wosakonda kukalipa. Koma chipani ankachiopa monga tinkachiopera tonse, mwinanso kuposa, chifukwa anali kutali ndi kwawo.

"Bambo mlangizi, tengani dengu lina muthamangire kumunda wachitsanzo. Wofiira yekhayekha. Ikamakwana naini mukhale muli pano."

"Ndiitane amayi aja, bwana?"

"Amayi ali pamzere, akuyeserera nyimbo. Mukawachotsa ndinu pamaso pa atcheyamani a chipani?" Anandipatsa nsalu yoyera yophimbira. "Ndipo musamufinye ayi. Akatuluka madzi aitana ntchentche, tichita manyazi."

"Chabwino, bwana."

Apa ndinene chinthu chimene panthawiyo ankachidziwa ndi mkazi wanga yekha. Maso anga sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Kuona ndimaona bwinobwino. Ndimawerenga zilembo zing'onozing'ono, ndipo ndimazindikira munthu ali tsidya lina la chigwa. Chikasu ndimachidziwa, mtundu wa thambo ndimaudziwa. Koma tomato wakupsa ndi wosapsa akakhala pamthunzi, kwa ine ndi amodzi. Onse amaoneka ngati dothi lonyowa, winayo woderako pang'ono.

Ndinazizindikira ndili sitandade 3, mbendera yatsopano itangofika pasukulu. Aphunzitsi anatipatsa makrayoni kuti tiijambule. Ine ndinaika mtundu wapansi pakati, wapakati pansi. Anandikwapula kanayi, n'kundiuza kuti ndizisewera ndi zina koma osati mbendera. Sindinamvetse chimene ndinalakwa, chifukwa yanga ndi ya mnzanga wokhala naye benchi limodzi zinali zofanana. Mawa lake ndinafunsa mnzangayo kuti krayoni yofiira ndi iti. Atandilozera, ndinailuma kumapeto kuti ndiziizindikira ndi mano anga. Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wa zizindikiro, woloweza zimene anzanga ankangoona.

Ndinkaganiza kuti chinandiwononga ndi chikuku, chimene amayi ankati chinanditseka maso sabata yathunthu ndili wamng'ono. Ndinkakhulupirira kuti penapake, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kuli mankhwala ake, ndipo tsiku lina ndidzawapeza mwakachetechete. Nditamaliza sekondale, ntchito imene inapezeka inali ya ulangizi. Pondifunsa mafunso palibe amene anatchula za mitundu. Anafunsa ngati ndili ndi khadi la chipani, ndiponso ngati ndingathe kuyenda m'mapiri.

Khofi ndinamuphunzira ndi zala. Wakupsa ndi wofewa. Ukamufinya pang'ono njere zimaterereka n'kutuluka, ndipo kunthambi amachoka mosavuta. Wosapsa ndi wolimba ngati kamwala, amakakamira. Alimi akabwera ndi khofi wawo pamakina osendera, ndinkapisa dzanja m'dengu, kufinya apa ndi apo, n'kunena kuti, "Amama, muli wosapsa umu, tasankhaninso." Sindinkalakwitsa. Ena ankati mlangizi uyu maso ake ali m'manja. Ndinkaseka nawo.

Munda wachitsanzo unali m'munsi mwa nkhalango ya Mughese, pamalo pamene dzuwa limafika mochedwa. M'mawa umenewo nkhungu inali isanachoke. Julayi wa ku Misuku amazizira mpaka m'mafupa. Ndisanathyole ngakhale wodzaza manja awiri, zala zinachita dzanzi. Ndinaziuzira mpweya, ndinaziika m'khwapa, koma zikangokhudza masamba onyowa zinkafanso. Zipatso zonse zinali ndi mame, zonse zikunyezimira mofanana. Kufinya anali atandiletsa, ndipo ngakhale ndikanafinya sindikanamva kanthu.

Kumtunda ndinkamva ng'oma ndi nyimbo. Ndinaganiza zokaitana mkazi wanga, koma iyenso anali pamzere womwewo, atavala chitenje cha chipani, mwana ali kumsana. Aliyense wotha kuyenda anali kumeneko. Otsala anali odwala okha, ndipo anyamata a chipani anali atayendera kale nyumba ndi nyumba kuti aone ngati akudwaladi.

Ndinasankha zipatso zikuluzikulu ndi zoderako. Ndinalibe njira ina. Dengu litadzaza ndinaliphimba ndi nsalu ija n'kukwera phiri. Ndikufika, magalimoto anali akumveka kale pamsewu wam'munsi. Bwana anangoona nsalu, n'kundikodola kuti ndiime kumbuyo kwa tebulo. Sanavundukule.

Kunali nyimbo, kunali zolankhula. Atcheyamani a chipani a dera lathu, amenenso anali mlimi wa khofi, analankhula nthawi yaitali. Pomaliza ananena kuti khofi wa ku Misuku ndi wofiira ngati magazi a anthu okonda mtsogoleri wawo. Amayi analuluta. Kenako anandiitana. Ndinagwada, ndinakweza dengu ndi manja awiri, ndipo mlendo anachotsa nsalu.

M'dengumo sindinaonemo chachilendo. Chimene ndinaona ndi nkhope za anthu. Ya bwana inagwa. Mayi wina wakutsogolo kwa mzere anagwira pakamwa. Woimba ng'oma anasiya popanda womuuza.

Mlendo anatola chipatso chimodzi, anachiyang'ana, anatolanso china.

"Atcheyamani," anatero akumwetulira, "kodi kuno magazi anu ndi obiriwira?"

Amene anabwera naye anaseka. Akwathu palibe amene anaseka. Pambuyo pake ndinamva kuti pafupifupi theka la dengulo linali losapsa. Mlendo anabwezera nsalu, anapukuta zala. Thumba analandira. Dengu analisiya patebulo.

Magalimoto atachoka anandiitanira mu ofesi. Munali bwana ndi atcheyamani, ndipo anyamata awiri a chipani anaima pakhomo. Atcheyamaniwo ndinkawadziwa bwino, ndinawathandizapo kudulira mitengo yawo kangapo. Masiku onse ankanditchula kuti alangizi. Tsikulo anati iwe.

"Iwe, wakutuma ndani?"

"Palibe, atcheyamani."

"Palibe? Mwana wa zaka zisanu amamudziwa khofi wakupsa. Mbalame imamudziwa. Nyani wa mu Mughese amamudziwa. Iwe wa sekondale sumudziwa?"

Anasendera pafupi nane.

"Kapena unalawira mowa m'mamawa?"

"Sindimwa, atcheyamani. Mukudziwa."

"Ndicho chikundiopsa chimenecho. Ukanakhala chidakwa ndikanakuwomba mbama n'kukusiya. Iwe wachita uli bwinobwino. Ukufuna akanene kuti ku Misuku anyoza mphatso? Ukudziwa kumene amapita anthu onyoza?"

Ndinkadziwa. Mphunzitsi wina wa kufupi ndi kwathu anatengedwa zaka ziwiri m'mbuyomo chifukwa cha mawu amene ananena pamaliro, ndipo anali asanabwerere.

"Sindiona mitundu," ndinatero. Mawuwo anatuluka motsika kwambiri, moti anandiuza kuti ndibwereze. "Chofiira ndi chobiriwira sindizisiyanitsa. Chiyambire."

Bwana anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatapa zipatso ziwiri m'dengu lija n'kuziika patebulo.

"Osakhudza. Wakupsa ndi uti?"

Ndinaloza chakumanja. Mmodzi mwa anyamata aja anaseka.

"Akunamizira uyu," anatero atcheyamani. Anakoka mnyamatayo ndi malaya n'kumuimika patsogolo panga. "Malaya awa ndi amtundu wanji?"

"Ofiira."

"Mwamva, bwana? Akuona!"

"Ndimadziwa chifukwa aliyense amanena kuti ndi ofiira, atcheyamani."

"Ndiye ukalakwitsa ndiwe wodwala, ukalondola ndiwe wodwalabe. Wachenjera iwe."

Bwana anatsokomola. Ananena kuti kwawo, kufupi ndi njanji, anamvapo za munthu amene anakanidwa ntchito yoyendetsa sitima chifukwa cha vuto ngati lomweli, ndipo anapempha kuti ndipite kuchipatala ndikabwere ndi kalata. Atcheyamani anaganiza pang'ono.

"Lachisanu m'mawa. Kalata ya dokotala, yachidindo. Ikapanda kubwera ndikakusiya ndekha kuboma. Ndipo usaganize zowoloka mtsinje wa Songwe kuthawira kunja kwa dziko. Mkazi wako ndi ana ali pano."

Atatuluka, bwana anatseka chitseko.

"Bambo mlangizi, mukumvetsa mmene zilili? Kalata ikanena kuti ndi zoona, ine sindingakusungeni paulangizi. Ikanena kuti si zoona..." Sanamalize. Anayamba kusonkhanitsa mapepala amene anali osonkhanitsa kale.

Lachitatu m'mamawa ndinauyamba wapansi kutsikira ku Kaseye, kumene kunali chipatala cha mishoni. Mkazi wanga anandimangira nthochi zophika m'tsamba. Panjira anyamata a chipani anandiimitsa kawiri kufuna khadi, ndipo kawiri konse ndinaganiza kuti uthenga wanditsogolera. Anali kungofuna khadi. Pofika kuchigwa khofi anatha, kunayamba minda ya chimanga chokololedwa kale, mapesi ali m'milu. Ndinafika dzuwa litapendeka kwa asibweni, mlongo wawo wa amayi anga, amene ankakhala kufupi ndi chipatalacho.

"Monire, muphwa! Wathawa chisanu cha kumapiri?" anatero akundilandira chikwama. Anali munthu wa nthabwala, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, mlimi wa chimanga ndi mtedza. Ndinangowauza kuti maso akundivuta. Zinazo sindinanene. Masiku amenewo nkhani yotere unkaisenza wekha, kuopa kuipaka pa wina.

Lachinayi m'mawa anandikweza pakaliyala ya njinga yawo mpaka kuchipatala, iwo n'kukhala pabenchi panja. Amene anandiona anali bambo wina wa imvi wa ku Rumphi. Sanali dokotala wamkulu, koma aliyense ankawatchula kuti adokotala. Anandiunika m'maso ndi tochi, anandiwerengetsa zilembo zapakhoma mpaka mzere womaliza.

"Maso abwino kuposa anga. Ndiye mwadzeranji, adada?"

Ndinawauza za mitundu. Anatsegula kabati n'kutulutsa kabuku kakale kokutidwa ndi nsalu, kamene anati kanasiyidwa ndi dokotala wina wachizungu. Tsamba lililonse linali ndi chozungulira chodzaza timadontho. Patsamba loyamba ndinaona 12 bwinobwino, mtima unakhala pansi pang'ono. Patsamba lachiwiri ndinati ndi 3.

"Ndi 8," anatero adokotala, n'kutembenuza.

Masamba ena ndinatchula nambala yolakwika. Ena sindinaonepo kanthu, timadontho tokhatokha. Anatseka buku n'kuyamba kundifunsa. Ndinamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu? Ayi. Mankhwala a malungo kwa miyezi yambiri motsatizana? Ayi. Matenda a shuga? Kuvulala kumutu? Kachasu? Ayi, zonsezo ayi.

"Zimenezi zimatha kusokoneza mitundu munthu atakula kale," anatero. "Koma zikatero munthu amakumbukira kuti kale ankaona bwino, ndipo kawirikawiri diso lina limaipa kuposa linzake. Inu mukukumbukira nthawi imene munkaona bwino?"

"Ayi. Koma ndinadwala chikuku ndili mwana."

Anapukusa mutu. "Chikuku chimawononga kunja kwa diso, chimasiya chipsera choyera. Anuwa alibe chipsera. Vuto lanu lili mkati." Anatenga kapepala n'kujambula diso. "Kumbuyo uku kuli tinthu ting'onoting'ono tolandira kuwala. Tili m'magulu atatu, gulu lililonse ndi mitundu yake. Mwa inu gulu limodzi silinapangike bwino. Si matenda ogwira munthu. Si ufiti. Munabadwa choncho."

"Koma bambo anga ankaona bwino."

"Bambo anu alibe mlandu. Izi mwana wamwamuna amatengera kwa amayi ake. Mayi amangonyamula osadziwa, maso ake ali bwinobwino, n'kupatsira mwana. Amayi anu ali ndi alongo?"

"Mmodzi ali pabenchi panjapo."

"Taaitanani."

Kwathu zinthu zonse zimachokera kuchimuna: mfunda, munda, ng'ombe, ngakhale malo amene udzaikidwe. Kwa amayi timangopita kukacheza. Sindinaganizepo kuti kumeneko kungachokere chinthu choti chindigwetse pantchito.

Asibweni analowa chipewa chili m'manja.

"Ine sindikudwala, adokotala. Ndangoperekeza."

"Yewo, adada, tikudziwa. Tangotithandizani. Apa mukuona nambala yanji?"

"Iyi ndi 3, yoonekeratu."

"Nanga apa?"

Asibweni anawerama, anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu. "Apa palibe nambala. Awa ndi mawere otayika pansi. Buku lanu lakalamba, adokotala, lafufuluka."

Adokotala anaitana mayi wina amene ankakolopa pakhonde. Mayiyo anangosuzumira, chokolopera chili m'manja, n'kutchula 74. Anatchulanso za masamba atatu otsatira osapumira.

"Mwapangana inu," anatero asibweni. Koma sanaseke monga ankasekera masiku onse. Anayang'ananso tsambalo, kenako anayang'ana ine. "Ndiye n'chifukwa chake akazi anga amandithamangitsa kudimba la tomato? Zaka zonsezi amati ndimathyola ndi mkwiyo." Anakanda kumutu. "Asibweni anganso, mlongo wawo wa agogo ako aakazi, ankatero. Nkhuku ikaphedwa sankaona magazi paudzu."

Iwo anakhala zaka makumi asanu ndi limodzi osadziwa, ndipo palibe chimene anataya. Chimanga chikauma chimamveka ndi khutu, mtedza umadziwika ndi kufukula. Ine ndi amene ndinakaima pakati pa mbewu imene mtengo wake wonse uli pamtundu.

Asibweni atatuluka ndinafunsa za mankhwala.

"Kulibe."

"Ku Blantyre?"

"Ngakhale ku Ulaya."

"Magalasi?"

"Kulibe, adada. Sizikula, sizichepa. Khungu simudzachita. Koma mudzakalamba nazo." Anafunsa ngati ndili ndi ana, ndinati awiri, onse aakazi. "Amenewo aziona bwino. Mukadzabereka wamwamuna sadzatengera kwa inu. Koma aakaziwo onse anyamula, ndipo ena mwa ana awo aamuna adzakhala ngati inu."

Pamenepo ndinawafotokozera za dengu, motsitsa mawu. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anadzuka n'kukankha chitseko kuti chitsekeke bwino.

"Ndikupempha chinthu chimodzi, adokotala. Lembani kuti ndi matenda ongobwera kumene, oti achira. Andipatsa tchuthi, nyengo yothyola idutsa, anthu aiwala."

Anaika cholembera pansi.

"Ndikalemba choncho, pakatha mwezi adzakubwezani kuno, kapena adzakutumizani kuchipatala chachikulu kumene kuli buku ngati lomweli. Pamenepo wabodza adzakhala ndani? Tidzakwera galimoto imodzi, inu ndi ine, ndipo ine ndakalamba."

Analemba mizere itatu m'Chingelezi, anandiwerengera asanamate. Kalatayo inati ndinabadwa ndi vuto losasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, kuti silichiritsika, ndiponso kuti m'zina zonse maso anga ali bwino. Anadinda chidindo kawiri, china pakalata, china paenvelopu.

Asibweni anandiperekeza panjinga mpaka pamene phiri limayambira. Sanafunse kuti kalatayo ndi ya chiyani. Potsanzikana anangoti, "Ukawauze amayi ako kuti katundu wawo tamupeza." Ndinayesa kuseka.

Ulendo wokwera ndi wautali kuposa wotsika. Kalata ndinaiika m'thumba la malaya pamodzi ndi khadi la chipani, ndipo thukuta linanyowetsa zonse ziwiri. Njira yonse ndinkawerengera zomwezomwezo. Ndikaing'amba, Lachisanu ndili kuboma ngati wonyoza. Ndikaipereka, ndavomera ndekha kuti zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuweruza khofi wa anthu ndisakumuona, ndipo ntchito yatha, pamodzi ndi nyumba, chifukwa nyumbayo inali ya ntchito. Pamphambano ina pali kanjira kotsikira ku Songwe, kamene ankadzera anthu okagula sopo ndi mchere kutsidya. Ndinaima pamenepo kanthawi ndikudya nthochi yotsala. Kenako ndinapitiriza kukwera.

Nditalowa m'minda ya khofi ndinaona kuti nkhani inali itafika paliponse. Alimi amene masiku onse ankandiitana kuti ndikaone mitengo yawo anawerama n'kulimbikira kuthyola. Bambo wina amene ndinamuthandiza kumezanitsa mbande anapatuka n'kulowa m'nthochi. Sindinawadandaule. Inenso ndinachitapo chimodzimodzi kwa mkazi wa mphunzitsi uja.

Ndinafika dzuwa likulowa. Mkazi wanga anali kuanula zovala. Anandiyang'ana kumaso, kenako pathumba la malaya.

"Mwabwera nayo?"

"Ndabwera nayo."

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti sindinanyoze."

"Basi?"

"Ikutinso sindingakhale mlangizi."

Anapinda malaya amene anali m'manja mwake, anawapindanso kachiwiri. Anandiuza kuti masiku awiri onsewo anyamata a chipani ankasinthana kukhala pamwala wa tsidya la njira, kuyang'ana pakhomo pathu. Mmodzi anapemphako madzi akumwa, ndipo anamupatsa.

"Ndikanadziwa ndikanatuluka pamzere paja," anatero. "Dengu limodzi ndi ntchito ya kanthawi kochepa."

"Akanakufunsani kumene mukupita."

"Ndikanati mwana watsegula m'mimba."

"Ndipo akanakutsatirani kuti aone."

Mwana wathu wamkulu, wa zaka zinayi, anali pakhonde akusanja nyemba m'timilu malinga ndi mitundu yake. Kwa ine timilu tiwiri tinali tofanana. Ndinafotokozera mayi ake zonse zimene adokotala ananena: kuti si chikuku, kuti zinachokera kwa amayi anga, kuti asibweni nawonso ali choncho, ndiponso za ana athu.

"Ndiye mwawapatsa kale?"

"Ndawapatsa."

"Onse awiri?"

"Onse."

Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. "Musadzawauze akuchimuna akamadzabwera kudzalowola," anatero. "Angadzachotseko ng'ombe." Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi malaya opinda aja n'kulowa m'nyumba. Ali mkatimo anafunsa kuti, "Nyumbayi atipatsa masiku angati?" Ndinati sindikudziwa.

Lachisanu ndinadzuka kusanache bwino, ndinameta ndevu, ndinavala jekete. Mnyamata wa chipani amene anali pamwala uja anadzuka n'kunditsatira chapatali. Pofika 7 koloko ndinali pakhomo la ofesi. Atcheyamani anali atafika kale.

Ndinapereka kalata kwa bwana ndi manja awiri. Anaitsegula, anaiwerenga chamumtima, kenako anaimasulira m'Chichewa mzere ndi mzere. Atcheyamani anailanda, anayang'anitsitsa chidindo, anachipaka ndi chala kuti aone ngati chifufutika.

"Ndiye zaka zonsezi khofi wathu amatisankhira ndi wakhungu?" anatero. Anauza bwana kuti awalembere ina yofanana nayo yoti atumize kuchigawo. "Ya chipani yathera pamenepa. Zotsalazo ndi zanu, bwana." Anatuluka osandiyang'ana, mnyamata uja n'kuwatsatira.

Bwana ananena kuti kalatayo ayenera kuitumiza kulikulu. Kufikira yankho litabwera sindiyenera kulangiza mlimi aliyense, kapena kuima polandirira khofi. Nyumba tikhalemo mpaka mwezi uthe. Anazengereza, kenako anati kumathandala oyanikira khofi wosenda kale kukusowa munthu mmodzi pakati pa aganyu, ngati ndingafune.

"Simukukakamizidwa, bambo mlangizi."

"Ndamva, bwana."

Ndinatuluka n'kutsikira kumathandala. Kunali amayi asanu, ndipo awiri mwa iwo ndinali nditawabwezapo ndi madengu awo kuti akasankhenso. Anasiya kucheza atandiona. Ndinavula jekete n'kulipachika pamtengo wa thandala loyamba. Mayi wamkulu mwa iwo anasendera pang'ono kundipatsa malo. Ndinayamba kutembenuza khofi kuchokera kumapeto, thandala ndi thandala, mpaka belu la 12 koloko linalira.